Mano Awiri a Mphalapala

Mwana wanga Lyle anasowa Loweruka, ndipo pofika Lolemba m'mawa anthu a m'tauni ya Pruett anali atamuika kale m'manda ndi pakamwa. Ine ndinali ndisanavomere. Ndinakhala patebulo ndi botolo langa la mano a mphalapala, kuwakhuthula n'kuwabwezera, kuwakhuthula n'kuwabwezera. Mphalapala ili ndi mano awiri am'mwamba osalala ngati minyanga, ndipo Lyle, chiyambire kusaka ali mnyamata, akapha nyama manowo amabwera nawo kwa ine, osati kwa mkazi wake. Mkaziyo mpaka lero zimamuwawa. Ine zimandikoma.

Anasowera pa phiri la Kettle. Phirilo ndi la boma, ndiye kuti ndi la aliyense, inu, ine, ngakhale chidakwa chogona pa siteshoni. Koma malo kuno ku Montana anawadula ngati chofunda chosoka ndi zigamba, ichi cha boma, ichi cha mwini, ndipo chigamba cha phirilo chazunguliridwa ndi famu ya ng'ombe yomwe inali yathu. Amuna anga a Nils ali moyo, chipata chinkangokolekedwa ndi waya. Wofuna kukasaka ankadutsa, pobwerera n'kutisiyira mwendo wa nyama pakhonde. Atamwalira, famu anaisiyira Rhonda, mwana wanga woyamba, poti ndiye ankabereketsa ng'ombe m'chisanu pamene Lyle ankazungulira dziko ndi malole. Lyle analandira mfuti ndi kankhwangwa. Maluwa a pamanda asanafote, mwamuna wa Rhonda, Royce Pickett, anaika loko pachipata, n'kuyamba kubweretsa alendo olemera a m'mizinda, ovala nsapato zatsopano, kuti azisaka okha pa phiri la tonsefe.

Panatsala khomo limodzi, pakona. Pali pomwe chigamba cha boma cha kumsewu chimakhudzana ndi cha kuphiri, nsonga ndi nsonga, pa chikhomo chachitsulo chamutu wamkuwa, kukula ngati chivundikiro cha botolo la jamu. Kumanzere ndi kwa Royce, kumanja ndi kwa Royce. Ukatambasula mwendo bwinobwino, phazi limachoka pa dothi la boma n'kukatera pa dothi la boma. Ukadzandira pang'ono, wapalamula. Lyle chaka chilichonse ankadumpha pamenepo, chifukwa analumbira pamaso pa tonse, tikudya nkhukundembo patebulo la Rhonda lomwelo, kuti phazi lake silidzapondanso dothi la mlongo wake mpaka kufa.

Tsiku limenelo ndinadya bwino, sindinama. Mkangano umandipatsa njala.

Wapolisi anagogoda cha m'ma 9 koloko. Anali Maite Etchart, mtsikana wamfupi wosakonda kuseka. Agogo ake ndi amene ndinkaweta nawo nkhosa ndili kamtsikana, anzanga ali kusukulu. Kumbuyo kwake kunali Darla, mkazi wa Lyle, maso atatupa, mphuno ikuchucha.

"Ndinawauza ine, apongozi," anayamba asanakhale n'komwe. "Ndinati bambo a Kayla, mufiriji ndi modzaza, nyama ya chaka chatha sitinaithe, mukufuna chiyani kuphiri? Anangoseka. Ndinawapangira mabuledi a nyama awiri, khofi mu fulasiki, ndinawauza atenge juzi yobiriwira ija, iwo ayi, yakalekale yong'ambika m'khwapa. Zonse zimene ndimanena ine n'zopanda pake m'nyumba muja."

"Foni anatenga?" anafunsa Maite.

"Anaisiya m'galimoto. Amati kuphiri sigwira. Koma ine ndikudziwa, safuna ndiziwaimbira."

"Apo pokha ali ndi nzeru," ndinatero.

Maite sanatiyang'ane. Anafotokoza mwachidule. Galimoto ya Lyle anaipeza kumsewu, yokhoma. Dzulo amuna asanu ndi mmodzi anadumpha pakona mmodzimmodzi, Royce ataima pafupi akujambula mapazi awo ndi foni. Anasesa phiri lonse la boma, khwawa ndi khwawa. Osapeza chipewa, osapeza magazi, osapeza kanthu.

"Nanga mbali ya famu?" ndinafunsa.

"A Pickett akuti anayendamo okha. Ndipo aliyense akundiuza kuti Lyle sangapondeko. Inu mukuti bwanji, agogo?"

"Sangaponde."

"Sangaponde," anatero Darla. Zaka makumi awiri ndi zisanu, kanali koyamba kuvomerezana ine ndi iye, ndipo tonse tinalakwa.

Maite anayang'ana pawindo. Kumadzulo thambo linali lakuda bii, lolemera ngati mimba ya ng'ombe yotsala tsiku limodzi.

"Awailesi akuti chipale chofewa chiyamba cha m'ma 3 koloko, ndipo chigwa masiku atatu. Chikayamba ndiwatsitsa anthu anga kuphiri. Munthu amene wagona kale panja kawiri..."

Ndinavala jasi. "Ndikwera nawe."

"Agogo, iyi si basi."

"Mayi ako ndinawasintha matewera ine. Tsegula chitseko."

* * *

Tinayambira kwa Gus Wendt wabutchala, poti mlenje aliyense wa dera lino amathera kumeneko ndi nyama yake komanso mabodza ake. Tinamupeza akunola mpeni. Gus mawu amawatulutsa ngati akuwagula.

"Loweruka anabwera angati?" anafunsa Maite.

"Atatu."

"Alipo anamuona Lyle?"

"Ayi."

"Alipo anamva kanthu ku Kettle?"

"Mmodzi. Mfuti. Kawiri."

"Nthawi yanji?"

"Dzuwa likutuluka."

Ndinawasiya akukama ng'ombe youmayo, ine n'kulowa m'chipinda chozizira. Palibe anandiitana, koma ine chipinda cha munthu chotseka sindichipirira. Munali nyama zisanu zitapachikidwa. Ya kumapeto inali mphalapala, tonde wamkulu, mutu usanadulidwe, nyanga zikukhudza pansi. Ndinawerama n'kulowetsa chala m'kamwa mwake. Ndi chizolowezi basi, monga amayi ena akaona khanda amaligwira tsaya.

Mano awiri aja munalibe.

Zimenezo pazokha si nkhani, alenje ambiri amawachotsa. Koma onse amacheka nkhama ndi mpeni, n'kusiya pakamwa pa nyama ponyankhalala. Apa nkhama zinali zosachekedwa. Maenje awiri oyera bwino. A Nils ankati mpeni umakanda dzino. Iwo ankadula kamtengo, n'kukaika pa dzinolo, n'kumenya kamodzi ndi kumbuyo kwa nkhwangwa, dzino n'kuthothoka lathunthu. Ndinapapasa m'dzenjemo. Chala chinatuluka ndi kachipsepse ka mtengo wa paini.

Ndinagwira nyanga kuti ndisagwe.

"Maite. Bwera kuno. Nyama iyi anapha ndi mwana wanga."

Anabwera onse awiri. Ndinamuonetsa maenjewo ndi kamtengoko. Pa nyanga panali patamangidwa kapepala ka chilolezo, ndi chingwe chofiira chomangira udzu wa ng'ombe. Ine zolembalemba zinandipita, ndiye ndinati awerenge.

"Rhonda Pickett," anawerenga Maite. Anatembenukira kwa Gus. "Anabweretsa ndani?"

"Sindinaone."

"Simunaone bwanji, nyama yaikulu chonchi?"

"Ndinakadya. Pobwera, ili pa ngowe ya panja."

"Ndi Royce," ndinatero msangamsanga. "Chaka chilichonse amagwiritsa chilolezo cha mkazi wake, chake atagulitsa kwa alendo ake aja. Tauni yonse ikudziwa. Rhonda mfuti anaisiya kalekale. Ndi Royce, ndikukuuza. Wandiphera mwana, n'kumubera ndi nyama yomwe."

Ndinalankhula zambiri, mokweza, chifukwa maso anga anali ataona mfundo yomwe inamangidwa pa chingwe chija. Ndinaiona kamodzi, n'kuyang'ana kumbali.

* * *

Msewu wa kufamu umadutsa pafupi ndi pakona paja. Royce anazikapo nsanamira ziwiri zachitsulo, ina kumanzere ina kumanja, chikwangwani chofiira pa iliyonse, pakati n'kusiya mpata woti ngakhale galu ayambe waganiza. Kuseri kwake phiri linali zii. Kumunsi, mkati mwa mpanda wa famu, akhungubwe anali kuzungulira pamalo amodzi.

Maite anawaonanso. Mphepo inali itayamba kukankha galimoto m'mbali.

Royce anatichingamira pabwalo, chipewa chachikulu kumutu, lamba wonyezimira pamimba. Munthu uyu amalankhula ngati nthawi zonse loya wake waima kumbuyo.

"Apongozi, takulandirani. Tonse tili ndi nkhawa, ndithu. Ngakhale ine ndi mlamu wanga timasiyana maganizo pa nkhani ya malire, pa nthawi ngati ino banja ndi banja."

"Banja lako ndi loko," ndinatero.

"Bambo Pickett, Loweruka munali kuti?" anafunsa Maite.

"Ku msika wa ng'ombe, ku Harlan. Ndinanyamuka Lachisanu masana ndi ana a ng'ombe makumi anayi, ndinagona komweko, ndinabwera Loweruka dzuwa litalowa. Woitanira malonda amandidziwa, a pa hotela amandidziwa. Nambala zawo ndi izi, imbani mwaufulu."

Maite anapita pambali n'kuimba. Ine ndinatsala ndikumuyang'ana Royce m'maso, iye akuyang'ana mitambo. Atabwerera, Maite anangogwedeza mutu pang'ono kuvomereza kuti n'zoona. Harlan ndi ulendo wa maola atatu, ndipo anthu makumi awiri anamuona akukangana za mitengo ya ng'ombe tsiku lonse.

"Nanga mphalapala yomwe ili kwa Gus?" anafunsa Maite.

"Mphalapala yanji?"

"Tonde wamkulu. Ali ndi chilolezo cha pakhomo pano."

"Alendo anga afika sabata yamawa. Pano sipanaphedwe nyama chaka chino."

Ine Royce ndamuphunzira zaka makumi atatu, monga ena amaphunzirira Baibulo. Akamanama amagwira mlomo wa chipewa. Ananama tsiku lodzafunsira mbeta, anagwira chipewa. Ananama pa maliro a Nils, anagwira chipewa. Apa manja onse awiri anali lende m'mbali, pakamwa pali yasa.

Ndinalakalaka atagwira chipewacho. Ndinapemphera ndithu.

"Ndione nawo magalimoto a pafamu," anatero Maite.

Awiriwo analunjika ku shedi. Ine ndinakwera masitepe a nyumba yomwe kale inali yanga.

* * *

Rhonda anali m'khitchini akukanda ufa wa buledi. Patebulo panali kale mabuledi asanu ndi limodzi, m'nyumba ya anthu awiri. Sanatembenuke.

"Amayi, khofi ali pa mbaula."

"Rhonda, mfundo ija."

"Mfundo yanji?"

"Yopinda kawiri, mchira n'kubwerera m'mbuyo. Bambo ako ankaitcha mfundo ya waulesi, poti ukakoka kamodzi yamasuka. Padziko pano oimanga atsala awiri, ndipo mmodzi ali kuthengo. Mwamuna wako chilichonse amamanga ngati nsapato."

Manja anaima mu ufa. Mwana uyu ndinamunyamula m'mimba, ndinamuyamwitsa, koma nthawi imeneyo ndinayang'ana pomwe panali mipeni, n'kuyang'ana pomwe panali chitseko. Ndikunena zoona. Ndinamuopa.

"Ndimakapatsa ng'ombe udzu kumtunda kwa khwawa," anayamba, mawu ali pansipansi. "Ndinapeza nyama ili gone mkati mwa mpanda, mapazi makumi atatu kuchokera pa waya, yotumbula kale. Magazi akuchokera ku mbali ya boma. Anailasa uko, n'kudzafera kuno. Mwini wake kunalibe, anali atabwerera kukatenga chikwama chake kuseri kwa waya. Ndinadziwa kuti ndi iye. Ndinati lero aona. Ndinaikoleka chingwe cha makina chija timakwezera udzu, n'kuikokera m'galimoto."

"Kenako?"

"Ndikuti ndizitembenuka, uyo akubwera, wadumpha waya. Anaima kutsogolo kwa galimoto, manja m'chiuno. Akuti, 'Achemwali, mwayamba kuba?' Ine ndinati, 'Suja unalumbira? Phazi lakolo lili pati?' Iye akuti, 'Nyama yovulala sisiyidwa, anatero bambo. Kapena Royce anakuiwalitsani ndi bambo omwe?' Ndinaliza hutala. Osasuntha. Ndiye akuti, 'Amayi anandiuza zomwe munanena, zoti ndikadzaponda pano mudzandigunda ngati galu. Ndi pano ndaponda. Gundani.'"

Apo m'pamene anatembenuka. Nkhope yake inali ngati ya munthu wakalamba zaka khumi m'masiku awiri.

"Amayi, ine mawu amenewo sindinanenepo."

Ndinkadziwa. Iye anangoti Lyle asamamuvutitse. Za galuzo ndinathira ndine, ngati kamchere, tsiku lina Lyle atabwera kudzandikonzera mpope, nkhani zitatithera, ine ndisakufuna kuti apite msanga.

"Pitiriza," ndinatero.

"Ndinachotsa phazi pa buleki. Ndimati adumpha. Chiyambire ali mwana amadumpha pomalizira penipeni, mukudziwa inu. Sanadumphe. Ndinamva kugunda." Anapukuta manja pa epuloni, n'kupukutanso. "Pagalasi loonera kumbuyo ndinamuona atakhala tsonga akunditukwana. Ndinati munthu wotukwana ali bwino, atsimphina mpaka kumsewu, aphunzirepo. Ndinapita."

"N'kukasiya nyama kwa Gus."

"Ndikanaitaya m'khwawa, palibe akanadziwa. Ndinafika mpaka m'mphepete. Koma nyama yonse ija, amayi, kuola?"

Mwana wa Nils weniweni. Mlongo wake anamusiya pansi, koma nyama analephera kuitaya.

"Darla ataimba kuti sanafike, ndinabwererako dzulo kutangocha," anapitiriza. "Matumbo a nyama aja anali atadyedwa. Mapazi a chimbalangondo paliponse, aakulu kuposa mbale iyi. Ndinapeza ichi chokha."

Anatsegula kabati ya ufa n'kutulutsa chipewa chofiira cha Lyle. Ndinachilandira. Chinkanunkha thukuta lake ndi utsi wa fodya yemwe amauza Darla kuti anasiya.

"Chamutenga, amayi. Ndinamusiya ndi mwendo wothyoka pambali pa matumbo, ine wodziwa bwino chomwe chimabwera pa matumbo. Ndikanauza ndani? Ndikanayambira pati?"

Pawindo panadutsa kachipale koyamba, kamodzi, kenako kena. Inali isanakwane n'komwe 2 koloko. Ndinakhala pampando, chipewa pamiyendo. Mutu wanga unali ukuona zinthu zomwe mayi sayenera kuona. Ndiye ndinachitembenuza chipewacho, mkati ndi kunja.

"Magazi alibe."

"Amayi..."

"Chimbalangondo chikagwira munthu chimayambira kumutu. Chipewa ichi changogwa. Unapeza nsanza? Nsapato? Mfuti?"

"Ayi."

"Chimbalangondo sichidya mfuti, chitsiru iwe. Anachokapo chisanafike. Kumsewu sakanafika, kukwera phiri ndi mwendo umodzi sakanatha. Munthu wovulala amakwawira kumunsi." Ndinamugwira dzanja lodzaza ufalo. "Ndikakuthamangitsani ndi lamba, inu awiri munkabisala kuti?"

Anakoka dzanja lake n'kuyamba kumasula epuloni.

"Ku nkhuti ya mbatatesi. Koma ndi mkati mwenimweni mwa malo anga. Lyle sangapite..."

"Nkhutiyo iye saiyesa yako. Anakumba ndi bambo ake."

* * *

Panja tinakumana ndi Maite ndi Royce akuchokera ku shedi. Maite anayang'ana Rhonda, n'kuyang'ana chipewa chomwe chinali m'manja mwanga.

"Amayi akumbukira malo ena," anatero Rhonda. "Kumunsi kwa khwawa, pomwe panali nyumba yakale."

"Pang'ono kaye," anatero Royce, dzanja likukwera ku chipewa. "Ndinayendako ndekha kumeneko. Ndipo polowa m'malo a mwini pamafunika chikalata, apolisi akudziwa."

"Malo ano ali m'dzina langa, Royce. Tsegula chipata."

Zaka zonsezi ndinkadikira kumva mawu amenewo, ndipo atabwera ndinalibe mtima wowakondwerera.

Tinayenda ndi galimoto ya Maite mpaka pomwe njira inathera, kotsalako ndi miyendo. Chipale chinali chikubwera cham'mbali, chikulasa m'maso. Maite ananyamula mfuti yaitali. Anandiuza kuti nditsale m'galimoto, ine ndinamuuza komwe angakaike mawu akewo. Rhonda anandigwira mkono, ndipo sindikudziwa kuti ankachirikiza ndani, ine kapena iye mwini.

Nkhutiyo ndi chipinda chokumba m'mbali mwa chitunda, chitseko chake cha matabwa okhuthala omwe a Nils anacheka okha. Nyumba inagwa kalekale, koma chitsekocho chinali chilili. Titayandikira, Maite anatambasula mkono kutiimitsa.

Pa matabwapo panali mizere yakuya, inayiinayi, yoyera, yatsopano. Dothi la m'munsi mwa chitseko linali litafukulidwa mpaka kufika m'bondo. Ndipo pa chipale chomwe chinali chitangogwa kumene panali mapazi a chimbalangondo, m'mphepete mwake musanakwiririke. Ankalowera m'zitsamba za kumanzere, mtunda woti mwana angaponyeko mwala.

"Musathamange," ananong'ona Maite, mfuti italoza ku zitsambazo. "Gogodani. Msanga."

Ndinakankha chitseko. Chinali chopiringidza mkati. Ndinamenya ndi chibakera.

"Lyle."

Zii.

"Lyle Brekke, tsegula. Ndakalamba ine kuti ndiziima pachisanu chifukwa cha chitsiru."

Zii. Mphepo yokha. M'zitsamba muja munathyoka kanthambi, Maite n'kutchera mfuti. Ndinaika khutu pa thabwa. Ndinamva mtima wanga basi. Ndinaganiza kuti wapiringidza chitseko n'kufera mkati, ndipo ndidzamutulutsa ndi nkhwangwa m'dzenje lomwe ndinkasungamo chakudya chake.

Rhonda anandisuntha. Anagwada, n'kugogoda pansi penipeni pa chitseko, pomwe mwana angafikire. Katatu, n'kudikira, kenako kamodzi. Ine kugogoda kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Kunali kwa awiriwo, komwe ankandibisira ali ana zaka makumi anayi zapitazo.

Mkati munamveka kukhwekhwereza. Pang'onopang'ono, ngati thumba likukokedwa pansi. Kenako mpiringidzo unagwa.

Anali atagona chammbali pakhomopo, mfuti pambali, nkhope yotuwa ngati phulusa, milomo itang'ambika. Mwendo anaumanga ndi matabwa a shelefu ya mbatatesi, matabwa otsalawo anasonkhera moto womwe unali utazima. Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sanena kuti fupa limathyoka.

"Amayi," anatero, mawu ngati tsamba louma. "Mwachedwa."

"Ukanatenga foni, galu iwe."

Tinalowa tonse, Maite n'kubweza chitseko, akuitana anzake pa wailesi yake. Rhonda anavula jasi n'kumufunditsa. Anatsegula botolo la madzi n'kumumwetsa. Lyle anamuyang'ana.

"Achemwali, pepani, ndagona pamalo panu masiku awiri. Musamuuze Royce, andilipiritsa ngati mlendo."

Rhonda anaika nkhope pa chifuwa chake. Lyle sanamukankhe. Ndi dzanja linalo anapisa m'thumba la malaya, movutika, n'kundipatsa kansanza komanga. Sindinakamasule. Ndinamva ndi zala zomwe zinali mkati.

Maite anagwada pambali pake, kabuku m'manja.

"Bambo Brekke, chinachitika n'chiyani?"

"Ndinagwa."

"Munagwa pati?"

"Pansi."

"Nanga nyama yanu inapezeka bwanji kwa Gus, ndi chilolezo cha achemwali anu?"

"Ndinawapatsa. Mufiriji mwathu ndi modzaza, kafunseni Darla."

Maite anatseka kabuku, koma sanakaike m'thumba. Mtsikanayu si wopusa.

"Galimoto ya udzu mu shedi muja yaphwanyika nyali ya kutsogolo," anatero, akuyang'ana ine. "Agogo, munakhalitsa m'khitchini ndi mwana wanu. Tauni yonse ikudziwa kuti inu nkhani simugona nayo. Anakuuzani chiyani?"

Ana anga onse awiri anandiyang'ana. Maso amodzimodzi, a bambo awo. Nkhaniyo inali pa nsonga ya lilime, yonona, yoposa zonse zomwe ndinanyamulapo m'moyo wanga. Ikanandidyetsa m'makhitchini a Pruett mpaka tsiku la maliro anga.

"Timakamba za buledi," ndinatero. "Za mchere. Kuti ukachuluka umawononga."

Maite anandiyang'ana mpaka ndinamva kuzizira kwa m'nkhutimo kukulowa m'mafupa. Kenako analemba kenakake kakafupi, n'kupita pakhomo kukadikira anzake.

Mano awiri aja sindinawaike m'botolo. Ndimayenda nawo m'thumba la juzi. Lilime likayamba kuyabwa, ndimawafinya mpaka m'manja muwawe.